A Goliati, Dalaivala wa Malole Opanda Mutu

Anthu amene anafika mu George, komboni ya ku Lusaka, posachedwa amawadziwa a Goliati Kamwendo ngati mdala wamfupi wa chipewa chaubweya, amene amakhala pabenchi kutsogolo kwa nyumba yake nkhope atalozetsa kumsewu. Ukawapatsa moni uli patali amakuyankha ndi dzina lako, chifukwa mawu a munthu sawaiwala. Koma akale, aja anaona kombonimu muli zitsime ndi minda ya chimanga, ukawatchulira dzinali amayamba amwetulira kaye, kenako n'kunena kuti, "Aja a malole opanda mutu."

Dzina la Goliati anawapatsa ndi bambo awo, munthu wa ku Dedza amene anabwera ku Lusaka kudzaphikira mzungu wa njanji. Akuti khandalo linabadwa lonenepa moti azimayi anachita kuitanizana kuti adzalione. Koma kukula kunathera pomwepo. Anzawo akutalika, a Goliati anaima pamsinkhu wa phewa la munthu, ndipo dzinalo linasanduka nthabwala imene iwo eni ankayamba kuiseka ena asanayambe.

Ntchito anaipeza ali mnyamata, m'zaka za m'ma 1970, pafakitale yolumikiza malole imene inali kuseri kwa Matero, kumene kumayambira mafakitale. Dzina la kampaniyo linali lachizungu, lalitali, ndipo panalibe wovutika nalo. Aliyense ankangoti ku Asembule. Zitsulo zinkabwera m'mabokosi akuluakulu a matabwa kuchokera kunja, kudzera ku Dar es Salaam, ndipo amuna a maovololo obiriwira ankazimanga mpaka lole n'kutuluka pageti ikulira. Matabwa a mabokosiwo sankatayidwa. Mpaka lero mu George muli zitseko ndi matebulo amene ukawatembenuza umapeza zilembo zakuda za chilankhulo chimene palibe amachiwerenga. Malolewo anthu anawapatsa dzina loti Njiri, chifukwa anali a mphuno yaifupi, osakongola, koma akalowa m'matope ankatulukamo ndithu.

A Goliati anayamba ndi tsache. Kenako anaphunzira kusuntha malole pabwalo, n'kupeza laisensi. Tsono si malole onse ankatuluka athunthu. Ogula ena ankafuna kuti akhale mabasi kapena mathanki a mafuta, ndipo thupi lake ankakamangira ku Ndola. Oterowo ankachoka ku Asembule ali mafupa okhaokha: injini, matayala, chiwongolero, basi. Panalibe mutu woti dalaivala akhalemo, panalibe galasi kapena chitseko. Ankangomangirira bokosi ndi waya, munthu n'kukhalapo. Madalaivala ambiri ankaukana ulendowu. Tsiku lina kapitawo anati, "Tumizani Goliati, mphepo izimudutsa pamwamba." Anthu anaseka, ndipo ntchitoyo inakhala yawo kwa zaka zambirimbiri.

Ankanyamuka m'mawa atavala jasi lolemera, magalasi a rabala omangira kumbuyo, ndi thaulo kukamwa. Mu June mphepo ya ku Kapiri inkalowa mpaka m'mano. Nthawi ya dzinja ankafika ku Ndola ngati munthu womuvuula mumtsinje. Ana a m'mbali mwa msewu ankathamanga akukuwa kuti lole yopanda mutu, lole yopanda mutu, iwo n'kuwakwezera dzanja ngati nduna. Ukawafunsa lero amati sanamvepo kukoma kwa msewu ngati masiku amenewo. Mvula ankainunkhiza isanagwe, ndipo pamene pakuotchedwa makala ankapadziwa utsi usanaoneke.

Ntchito yomweyi ndi imene inawapezera mkazi. Ida, mtsikana wa kwaya ya kutchalitchi kwawo ku Matero, anawayang'ana tsiku lina nyimbo ili mkati, n'kuona kuti nkhope yawo ili ndi mitundu iwiri: moyera mozungulira maso, mmene munkakhala magalasi, ndipo kwina konse kuli bii, kong'ambikang'ambika ndi mphepo. Kuseka kunamugwira mpaka anatuluka panja. Lamlungu lotsatira anawaimitsa pakhomo la tchalitchi, n'kuwapatsa kabotolo ka mafuta odzola.

"Muzidzola musananyamuke," anatero, maso ali pansi. "Mukuopsa ana."

Anakwatirana chaka chisanathe, n'kumanga nyumba ya zipinda ziwiri mu George. Ulendo uliwonse a Goliati akabwerako pasitima, a Ida ankawakhazika pamphasa n'kuwatsuka m'maso ndi madzi ofunda, chifukwa fumbi linkalowa ndithu ngakhale magalasi analipo. Ana anabadwa, ena anakula, ena Mulungu anatenga. Womaliza anali Gloria.

Asembule sinafe tsiku limodzi. Mabokosi anayamba kubwera mwa apo ndi apo, ati dziko lilibe ndalama zakunja. Amuna ankafika m'mawa hutala yoitanira antchito ikalira, n'kuvala maovololo, n'kukhala pansi pa mtengo kusewera nsolo. M'zaka za m'ma 1990 fakitale inagulitsidwa, ogulawo n'kuigulitsanso, ndipo m'misewu munadzaza malole akale ochokera kunja, otchipa. M'mawa wina hutala sinalire. Antchito anapeza tcheni pageti, anaima pamenepo mpaka dzuwa linawaotcha, kenako anabalalika mmodzimmodzi.

A Goliati sanakhale pansi. Anayendetsako minibasi ya ku Matero, koma phokoso la makondakitala linawatopetsa. Kenako anapeza galimoto yonyamula buledi, ndipo anakhala nayo nthawi yaitali. Maso ndi amene anawathera. Zinthu zinayamba kuoneka ngati zili mu utsi, ndipo masana ena pamsewu wa Lumumba anatsala pang'ono kugunda mayi wokankha wilibala, osamuona mpaka atakuwa. Anaimika galimoto pambali, n'kuzimitsa injini. Makiyi anakawapereka tsiku lomwelo. Kuchipatala anayesa kupala diso limodzi, linayera pang'ono, koma adokotala anati mkati munaonongeka kalekale. Kuyambira pamenepo a Goliati amangoona kuwala ndi zithunzithunzi.

Papita zaka zingapo tsopano pamene Gloria anabwerera pakhomo. Ukwati wake ku Chawama unatha, ndipo anafika ndi chikwama chimodzi ndi mwana wamkazi wa sukulu. Makolo ake sanamufunse zambiri. Anapeza ganyu kwa a Mwiche, mayi wamasiye woumba mabuloko a simenti pafupi ndi msika. Mayiyu anali ndi Njiri yakale, imodzi mwa zochepa zimene zinatsala, yotuta mchenga. Dalaivala wake anali atathawira kwa wina wolipira bwino, ndipo loleyo inangokhala, nkhuku zikugona pansi pake.

Madzulo ena Gloria anakhala pabenchi pambali pa bambo ake, manja ali mbuu ndi simenti.

"Ba Tate, nifuna muniphunzitse kuyendetsa."

"Kuyendetsa chiyani?"

"Lole ya ba Mwiche. Akuti nikadziwa, ni yanga kuyendetsa."

A Goliati anaseka, koma mwana sanaseke. Ndiye anayamba kumuuza zifukwa. Anati chiwongolero cha Njiri n'cholimba, chimathyola mapewa a amuna. Anati kumigodi ya mchenga kuli anthu a pakamwa poipa. Anati anthu a kutchalitchi anena chiyani. Gloria anadzuka kukasamba.

A Ida anali atamva zonse ali pakhomo kusadzula ndiwo. Anadikira mpaka mwana atapita kuseri.

"Atate ake Gloria, zimene mwanenazi palibe chanu ngakhale chimodzi. Nenani chenichenicho."

A Goliati anasisita chipewa pabondo.

"Ndimuphunzitsa bwanji ine wosaona? Ndikamuphetse mwana?"

"Maso ali nawo iyeyo," anatero a Ida. "Chimene alibe muli nacho ndinu. Mwanayu wabwera wosweka. Koyamba kupempha kanthu chibwerereni."

Malo ophunzirira anawapeza ku Asembule komweko. Mlonda wa pamenepo anali a Hosea, amene kale ankapopera penti m'fakitalemo, ndipo eni malo, amene palibe ankawadziwa nkhope, anawasiya kuti azilondera zotsala. A Goliati anali asanapondeko chitsekereni. Ankachita kuzungulira njira kuti asadutse pagetipo. Koma Loweruka lina masana makanika wa a Mwiche anaifikitsa loleyo, ndipo a Hosea anatsegula geti akuseka.

"Ba Goliati! Mwabwela kugwila nchito? Mwachedwa, hutala inalila kudala."

Anakumbatirana nthawi yaitali, madala awiri, wina wamtali wina wamfupi.

Masiku oyamba lole sinayende n'komwe. A Goliati anamukhazika Gloria pachiwongolero injini ili chete, n'kumamugwira dzanja kumuonetsa pamene pali giya iliyonse, mpaka anazidziwa atatsinzina. Kenako anailiza. Iwo anakhala kumpando wa kumanzere, chikhatho atachiika pachitsulo cha kutsogolo, mutu atapendeketsa.

"Ukuimva? Ikudandaula. Ikufuna yachiwiri. Ponda kilachi, bwezera pakati, siya, pondanso. Osalimbana nayo, ipemphe."

Magiya ankakhadzuka, lole inkadumpha n'kuzima, Gloria thukuta lili kamukamu. Koma pang'onopang'ono inayamba kumumvera.

Vuto linabwera tsiku limene anayamba kuzungulira bwalo. A Goliati bwalolo ankalidziwa ngati m'nyumba mwawo, chifukwa anasunthapo malole osawerengeka. Anati, "Pita molunjika. Apa m'poyera mpaka kumpanda. Wonjezera moto."

"Ba Tate, kutsogolo kuli..."

"Ndati wonjezera! Ukuopa chiyani?"

Gloria anamvera. Lole inakwera mizere ya mbatata imene a Hosea analima, n'kukaima mphuno ili m'nthambi za mtengo wa mabulosi umene unamera pakati pa bwalo. A Goliati anagunda mutu pagalasi, ndipo ndi mantha anakalipa mawu amene sanawaganize. Anati n'chifukwa chake ananena kuti si ntchito ya akazi. Gloria anazimitsa injini, n'kutsika, n'kupita.

Anatsala okha m'lolemo. Anatulutsa dzanja pawindo n'kukhudza masamba. Mtengo, pamene iwo ankaimika malole atsopano m'mizere. Anatsika mofufuza, n'kuyamba kuyenda cha kumene kunali nyumba yaikulu yolumikiziramo, akupunthwa pa udzu umene unang'amba konkire. Khomo analipeza. Kale munthu ukalowa mmenemo kunja kuli dzuwa, maso ankayamba achita mdima, ndipo phazi likagunda pansi denga linkayankha. Tsopano analowa, koma kuwala sikunasinthe. Dzuwa linkawaotcha pamutu ngati ali panja.

"Gloria," anaitana. "Uli muno?"

"Nili pano." Mawu anachokera pafupi, ndipo anamva kuti amalira.

"Denga lili kuti?"

"Kulibe, ba Tate. Malata anachosa. Kwasala chabe vinsimbi vamene vinagwila malata."

"Nanga makina aja opachikira injini?"

"Kulibe."

A Goliati anafufuza pokhala, n'kupeza chipupa chachifupi. Anakhala, n'kumenya pambali pawo ndi chikhatho kuti mwana adzakhale.

"Tandiuza zonse. Usandibisire."

Ndipo Gloria anawauza. Anati m'dzenje limene amakanika ankalowa kuti aone kunsi kwa lole muli madzi obiriwira ndi achule. Pakona pamera mkuyu, mizu yake yang'amba khoma. Mawindo onse alibe magalasi, ndipo pamwamba pa zitsulo nkhunda zamanga zisa. Pakhoma lina pakuonekabe chithunzi cha munthu wovala magolovesi, koma mutu wake unafufutika ndi mvula. A Goliati ankangogwedeza mutu, n'kumamuuza kuti apo pankaima wakutiwakuti, womanga mabuleki, uja anamwalira chaka cha kolera. Apo m'pamene tinkamwera tiyi. Misozi inkatsika osaipukuta.

Gloria atatha, a Goliati anati, "Bwalo limene ndimakuyendetsapo ine kulibe. Walakwa si iwe. Kuyambira lero uzinena chimene ukuona, ine ndizinena chimene ndikumva. Ukati ima, ndiye kuti ima."

Gloria anawachotsa tsamba la mabulosi pachipewa. "Mwatupa pamphumi. Ba Mai azanikalipila."

"Tikawauza kuti ndi Hosea."

A Hosea mbatata zawo anazidandaula sabata yathunthu, koma ndi iwo amene anagubuduza migolo iwiri yakale n'kuiimika pabwalo kuti Gloria aphunzirepo kubwerera chammbuyo. Lole ikaima, a Goliati ankapita kukapima ndi mkono mpata wa pakati pa tayala ndi mgolo. Poyamba mgolo unkagwa. Kenako mpata unkakwana munthu kudutsa. Tsiku limene unakwana chikhatho chokha, mdalayo anavula chipewa n'kuvina pang'ono pafumbi pomwepo, a Hosea akuwaombera m'manja.

M'kombonimo nkhani inamveka. Ena ankaseka, amati wakhungu akuphunzitsa mkazi lole, tiona maliro. Mkulu wina wa mpingo anabwera kudzacheza, n'kuizungulira nkhaniyo mpaka tiyi anazizira. A Goliati anamuyankha mwaulemu kuti mwanayo akudya thukuta lake, ndipo anamuperekeza mpaka pamsewu.

Gloria anakalembetsa kusukulu ya madalaivala kwa kanthawi kuti apeze mapepala. Mayeso oyamba analephera, lole inabwerera m'mbuyo pachitunda. Atafika kunyumba bambo ake sanamufunse, anangomuuza kuti Loweruka apita msanga ku Asembule. Ulendo wachiwiri anakhoza. Anayamba kututa mchenga ndi kukatula mabuloko kumapuloti atsopano, ndipo amuna a kumigodi ya mchenga, atamuseka mwezi woyamba, anazolowera n'kumamutchula kuti ba Njiri. Lero amayendetsa lole yaikulu ya kampani ina, yonyamula simenti kupita ku Copperbelt, ndipo mwana wake ali ku sekondale.

Chaka chatha a Hosea anabwera kunyumba kudzanena kuti malo aja agulidwa, ndipo ogulawo agwetsa zonse kuti amange mosungira katundu. Iwo abwerera kwawo ku Mumbwa. Gloria anapempha Njiri ija kwa a Mwiche kuti Lamlungu masana iye ndi bambo ake akawatsanzike. Akunyamuka, a Ida anatuluka m'nyumba atavalabe za kutchalitchi, n'kunena kuti nawonso apita. Zaka zonse zija anali asanalowepo pageti la Asembule.

Anayenda nawo ponseponse, a Hosea akulongosola, a Goliati akuwatsutsa. Atabwerera pamene panaima lole, a Ida anaiyang'ana kuyambira kumatayala mpaka kumwamba, n'kumanga chitenje mwamphamvu.

"Nanga ine?"

"Inu chiyani, amake Gloria?"

"Mwaphunzitsa mwana. Ine ndinalakwa chiyani?"

Gloria anaseka mpaka anagwira tayala. Koma mayi ake anali atagwira kale chitseko, ndipo panafunika iye ndi a Hosea kuti awakankhire m'mwamba. Anavula nsapato n'kuziika pampando. A Goliati anakwera mbali inayo, Gloria n'kuima pachopondera, dzanja lili pafupi ndi chiwongolero.

"Mwendo wamanzere, pondani mpaka pansi," anatero a Goliati, ndipo mawu awo anali ofewa kuposa mmene ankaphunzitsira mwana. Anafufuza dzanja la mkazi wawo, n'kuliika pagiya, lawo pamwamba. "Tsopano muzisiya pang'onopang'ono. Pang'ono. Musathamange, palibe akutidikira."

Lole inanjenjemera, n'kudumpha kamodzi, a Ida n'kukuwa kuti Yesu. Kenako inayamba kuyenda, mwakachetechete ngati ng'ombe yokhuta, kudutsa pamene panali mbatata, nkhuku za a Hosea zikuthawa.

"Ikuyenda! Atate ake Gloria, ikuyenda!"

"Ndikumva. Yang'anani kutsogolo, osati kwa ine."

Sinapite patali. A Ida anasokoneza miyendo, lole n'kuzima pafupi ndi mtengo wa mabulosi. Anakhala pamenepo akupuma mofulumira, manja ali pachiwongolero, akuseka misozi ili m'maso. A Goliati anafunsa ngati akufuna kuyesanso, iwo anati ayi, kamodzi kakwana, asaonjeze pamene Mulungu wawasunga.

Gloria anatenga lole kukaibweza kwa a Mwiche, ndipo makolo ake anati ayenda pansi. Anatsanzikana ndi a Hosea pageti, n'kulowa njira ya ku George dzuwa likupendeka. A Ida ankatsimphina, ati kilachi yawathyola bondo, choncho anatsamira paphewa la amuna awo, amunawo atagwira chigongono chawo kuti awatsogolere pa maenje. Njira yonse ankakangana kuti wagwira mnzake ndani. Pamsika a Ida anaima kugula tomato, ndipo mayi wogulitsayo asanawapatse n'komwe moni, iwo anayamba kumuuza kuti lero ayendetsa lole.